Wophunzira wa ku koleji akabwerera kumudzi maphunziro asanathe: kuyerekeza njira zisanu za mabanja a ku Dedza ndi Ntcheu

Mwana wa mlongo wanga anatsika minibasi pa Lizulu ali ndi chikwama chimodzi, ndowa, ndi matiresi opinda omangidwa ndi linya. Anali m'chaka chachiwiri pa sukulu ina ya ukachenjede, ndipo semesita inali isanathe. Nditamufunsa ngati anatsanzika kwa akuluakulu a sukuluyo, anayang'ana pansi nati, "Malume, ndikanatsanzika bwanji poti ndi iwo omwe anandibweza pakhomo la chipinda cha mayeso chifukwa cha fizi?" Patatha chaka, mbatata ya kachewere itatichitira bwino, tinapita naye kukapempha malo ake, ndipo tinapeza kuti m'mabuku mwawo analembedwa ngati munthu amene anangothawa, wolephera maphunziro onse a semesita ija. Zinatitengera maulendo atatu ndi makalata angapo kuti nkhani yake imveke.

Ndalemba izi chifukwa mabanja ambiri kuno kwathu amaganiza kuti mwana akapanikizika ku koleji pali njira ziwiri zokha, kupitiriza kapena kusiya. Njira zilipo zosachepera zisanu, ndipo chimene chimasiyanitsa kuima ndi kusiya nthawi zambiri si ndalama ayi, koma zimene munthu wachita mu sabata yomaliza asanakwere minibasi yobwerera kwawo.

Miyeso imene ndagwiritsa ntchito

Muyeso woyamba ndi mtengo, ndipo apa sindikunena fizi yokha. Masiku amene boma linkadyetsa ophunzira a m'mayunivesite ake anapita. Lero wophunzira amadzigulira chakudya, ndipo popeza malo ogona a pasukulu sakwanira, ambiri amachita lendi m'madera ngati Chikanda ku Zomba kapena Luwinga ku Mzuzu. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, kotero banja limene linawerengera bwino lomwe mwana akuyamba chaka choyamba linadzapeza kuti ndalama yomweyo siikufikanso pakati pa semesita. Nthawi nayonso ndi mtengo, chifukwa chaka chimene mwana wakhala pakhomo sichibwezedwa ndi aliyense.

Wachiwiri ndi kupezeka kwa njirayo, kutanthauza ngati ilidi yotseguka kwa munthu wa kwa Kachindamoto kapena wa kwa Ganya, osati wa mumzinda yekha. Wachitatu ndi chisamaliro, ndiye kuti zimene njirayo imafuna mwezi ndi mwezi kuti isafere panjira. Wachinayi ndi chiopsezo.

Koma miyeso imeneyi siithandiza ngati banja silikudziwa chifukwa chenicheni chimene mwana wabwerera. Mawu akuti "fizi yavuta" ndi osavuta kuwatchula pamaso pa makolo, ndipo nthawi zina amaphimba zina zolemera kuposa pamenepo, monga kulephera mayeso, pathupi, kudwala maganizo, kapena kunyansidwa ndi kosi imene mwanayo anaiika kumapeto kwa zisankho zake koma n'kumene anasankhidwira. Amalume kapena azakhali amene mwana amamasuka nawo ayenera kukhala naye pansi paokha, nkhaniyo isanafike pa msonkhano wa banja lonse.

Njira yoyamba: kupirira osachoka pasukulu

Mtengo. Fizi ndi zonse zofunika pa moyo zimakhalabe pamutu pa banja, koma njira imeneyi ndi yokhayo imene siitaya nthawi. Thandizo lalikulu ndi ngongole ya bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015 kuti lizibwereka ndalama ophunzira osowa m'sukulu za ukachenjede zovomerezeka. Iyi ndi ngongole yeniyeni, si mphatso. Bungweli likutolerabe ndalama kwa anthu amene anabwereka m'zaka za m'ma 1980, ndipo olemba anthu ntchito amayenera kuthandiza kudula ngongoleyo ku malipiro.

Kupezeka. Mafomu amatsegulidwa pa nyengo yake, ndipo opempha amachuluka kuposa ndalama zimene zilipo. Amene vuto lamugwera pakati pa chaka, mwina bambo amwalira kapena munda wapsa ndi chiwawu, amayenera kudikira nyengo yotsatira. Pamenepo khomo loyenera kugogoda ndi la mkulu woona za ophunzira pasukulupo, chifukwa ndi amene amadziwa za mabungwe, mipingo ndi anthu akufuna kwabwino amene amalipirira osowa, komanso angathe kuthandiza kupempha kuti fizi ilipidwe pang'onopang'ono.

Chisamaliro. Pamafunika kandalama kokhazikika ka mwezi uliwonse, ngakhale kochepa, kotumizidwa pa Mpamba kapena Airtel Money pa tsiku lodziwika. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mabanja amene ndawaona akukwanitsa ndi amene anagawana udindo momveka: wina lendi, wina ufa ndi nyemba zotumiza pa minibasi, wina fizi ikakwana nyengo yokolola.

Chiopsezo. Wophunzira amene amadya kamodzi patsiku amayamba kujomba makalasi kufuna ganyu, ndipo mapeto ake amachotsedwa chifukwa cholephera, kumene kuli kovuta kwambiri kubwererako kusiyana ndi kuima mwakufuna kwake. Kwa atsikana pali ngozi ina imene tonse timaidziwa, ya amuna andalama amene amazungulira malo ogona ophunzira. Ndipo ngati njira yopiririra ndi katapila, ndiye kuti banja likugula semesita imodzi ndi munda wake.

Njira yachiwiri: kuima mwalamulo ndi kusungitsa malo

Iyi ndi njira imene mphwanga uja akanayenera kutenga, ndipo ndi imene anthu ambiri saidziwa n'komwe.

Mtengo. Pa ndalama ndi yotsika kuposa zonse, chifukwa chimene chimafunika ndi kalata, maumboni, ndi thiransipoti ya ulendo umodzi kapena iwiri. Fizi ya kumbuyo imene sinalipidwe siifafanizika, imadikira tsiku lobwerera. Pa nthawi, kawirikawiri munthu amataya chaka chathunthu ngakhale ataima semesita imodzi, popeza maphunziro ambiri amaphunzitsidwa kamodzi pachaka ndipo wobwerera amayenera kudikira kuti kalasi ya m'mbuyo mwake ifike pamene iye analekezera.

Kupezeka. Sukulu za ukachenjede zimakhala ndi malamulo olola wophunzira kuima kwa kanthawi pa zifukwa zomveka monga matenda, uchembere kapena kusowa ndalama, ndipo malamulowo amalembedwa m'buku limene wophunzira amapatsidwa poyamba. Buku limenelo liwerengedwe mosamala pa mfundo zitatu: kutalika kwa nthawi imene munthu amaloledwa kuima, tsiku lomaliza lopereka pempho m'semesita, ndi chiwerengero cha zaka zonse zimene kosiyo iyenera kukhala itatha. Kalata ipite ku ofesi ya Registrar kudzera kwa mkulu wa gawo la maphunziro ake, ikhale ndi umboni monga chikalata cha kuchipatala kapena cha imfa ya womulipirira, ndipo wophunzira asachoke asanalandire yankho lolembedwa. Mawu apakamwa akuti "pitani, tidzakulandirani" sasungika m'failo, ndipo amene anawanena angathe kusamutsidwa. Chikalata choyankhidwacho achijambule pa foni, china achisunge m'pulasitiki pamodzi ndi satifiketi ya MSCE. Ngati ali pa ngongole ya boma, bungwe la ngongole nalo lidziwitsidwe polemba.

Chisamaliro. Apa ndi pamene njirayi imagonjetsa anthu ambiri. Chaka chopuma chimafuna dongosolo lolembedwa: ndalama zofunika pa tsiku lobwerera ndi zingati, zidzachokera kuti, ndipo zizisungidwa ndi yani. Kwa ife a kumapiri kuno, kuchokera ku Bembeke mpaka ku Tsangano, chiyembekezo chimakhala pa kachewere, kabichi, tomato ndi nyemba. Koma ulimi wa kachewere umadya kaye usanabereke: mbewu, fetereza, mankhwala opopera, aganyu okumba, matumba, ndi ngolo yotulutsira kumsewu. Aliyense amene anaimapo pamsika wa m'mbali mwa M1 m'nyengo imene aliyense wakolola amadziwa m'mene mavenda amatchulira mtengo ali chikhalire pamwamba pa thumba lako losokerera, podziwa kuti sungabwerere nalo kumudzi. Choncho ndalama ya sukulu isawerengeredwe pa mtengo wa chaka chabwino, ndipo ikangopezeka isagone m'nyumba, chifukwa ndalama yogona m'nyumba imamva maliro onse ndi matenda onse a pamudzi. Ndi bwino kuilipira msanga ku akaunti ya sukulu kuti ichepetse ngongole ya kumbuyo, n'kusunga risiti.

Mutu nawo umafuna chisamaliro. Woima asachoke m'magulu a WhatsApp a kalasi yake, apeze nambala za a kalasi imene adzalowemo, ndipo azitsegula mabuku ake. Ena amadzipereka kuphunzitsa pa sekondale yoyendera ya pafupi, zimene zimawasunga pakati pa mabuku ndi kuwapatsa kangachepe ka sopo.

Chiopsezo. Chachikulu n'chakuti chaka chimodzi chimasanduka zitatu. Mnyamata amagula njinga yamoto ya kabaza pa ngongole ndipo sangathe kuisiya isanabweze ndalama zake. Mtsikana amayamba kufunsiridwa, ndipo achibale ena amayamba kunena kuti sukulu inakanika kale. Palinso manyazi, amene si nkhani yaing'ono kwa munthu amene mudzi wonse unamuperekeza ndi nthungululu atasankhidwa. Makolo angachepetse ululu umenewu ponena poyera, ngakhale kutchalitchi kapena kwa a mfumu, kuti mwana wapuma ndi chilolezo ndipo adzabwerera mwezi wakutiwakuti.

Njira yachitatu: kuphunzira uli kwanu, kapena kusamukira ku koleji yapafupi

Mtengo. Maphunziro apatali, amene ambiri amangowatchula kuti ODL, amachotsa lendi ndi chakudya cha mutauni kwa miyezi yambiri ya chaka, koma fizi yake siikhala yotsika nthawi zonse, ndipo pamabwera zina zatsopano: bandulo, laputopu kapena foni yabwino, ndi maulendo opita kukakumana ndi aphunzitsi komanso kukalemba mayeso. Mayunivesite amene si aboma amakhala okwera fizi kuposa aboma, ngakhale kuti kuyandikira kwawo kumachepetsa zina.

Kupezeka. Mzuzu University ili ndi malo a ODL ku Lilongwe ndi ku Balaka, amene ali osavuta kufikako kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo LUANAR nayo imaphunzitsa makosi ena m'njira imeneyi. Ku Ntcheu komweko kuli Lakeview, nthambi ya Malawi Adventist University, ndipo Nkhoma University ili kufupi ndi malire a Dedza ndi Lilongwe. Vuto n'lakuti makosi apatali ndi owerengeka, ambiri ndi a uphunzitsi, ulimi ndi bizinesi. Amene amaphunzira udokotala kapena uinjiniya sangasamutsire labotale kumudzi. Komanso sukulu yatsopano siikakamizidwa kuvomereza zonse zimene munthu anakhoza kumene akuchokera, kotero ayenera kutenga chikalata cha zotsatira zake ndi kufunsa, asanalipire kalikonse, chaka chimene adzayambire.

Chisamaliro. Magetsi, netiweki, ndi mwambo wa munthu mwini. Pakhomo pamene pali mwana wamkulu, ntchito zonse zimamuyang'ana iye: kumunda, kuchigayo, kukadikirira wodwala kuchipatala. Banja limene lasankha njirayi livomereze kuti pali maola amene mwanayo ali kusukulu ngakhale akuoneka ali pakhonde.

Chiopsezo. Makoleji ena amalengeza mokoma pa wailesi ndi pa Facebook koma makosi awo ndi osavomerezeka. Bungwe la NCHE ndi limene limalembetsa sukulu za ukachenjede ndi kuvomereza makosi ake, ndipo limafalitsa mndandanda wake. Chofunika kuona ndi dzina la kosi yeniyeniyo, osati la sukulu lokha, chifukwa sukulu ingathe kukhala yolembetsedwa pamene kosi ina mkati mwake sinavomerezedwe.

Njira yachinayi: kusiya digiri n'kutenga luso la manja kapena maphunziro aafupi

Ambiri amaiona njirayi ngati kutsika, ndipo ine sindigwirizana nawo, ngakhale kuti sindikufuna kuikometsera kuposa m'mene ilili.

Mtengo. Makoleji a boma a ntchito zamanja ndi otsika fizi poyerekeza ndi yunivesite, makamaka kwa amene alowa kudzera ku TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999 ndipo limathandizidwa ndi ndalama imene olemba anthu ntchito amapereka. Mtengo wobisika uli pa zipangizo. Womaliza ukalipentala wopanda sowo ndi pulena, kapena wowotcherera wopanda makina, amakhala wa ganyu wa ena kwa zaka.

Kupezeka. Kupatula makoleji akuluakulu ngati Lilongwe Technical, Namitete, Salima, Nasawa ndi Soche, kuyambira 2015 boma linatsegula makoleji a m'madera, ndipo Dedza ili ndi ya Chongoni. Ku Dedza komweko kuli Malawi College of Forestry and Wildlife, ndipo ku Bembeke kuli St Joseph's, koleji ya Akatolika yophunzitsa atsikana uphunzitsi wa ku pulayimale. Malo amalengezedwa pa nyengo yake ndipo opikisana ndi ambiri, koma munthu amene anali ndi mapointi omufikitsa ku yunivesite amakhala ndi mwayi wabwino. Okonda zowerengera ndalama angathe kulemba mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'Malawi, gawo ndi gawo, akulipira m'mene apezera.

Chisamaliro. Maphunziro a luso amafuna nthawi yokaphunzira pantchito, ndipo kupeza kampani kapena mmisiri wokulandira kumafuna kuyenda ndi kudziwana ndi anthu. Pa nthawi imeneyo pamafunikanso lendi ndi chakudya.

Chiopsezo. Omaliza maphunziro a uphunzitsi wa ku pulayimale akhala akudikira zaka boma lisanawalembe ntchito, kotero amene akulowa njirayi poganiza kuti malipiro ayamba chaka chotsatira adzakhumudwa. Luso la manja limadyetsa pamene pali anthu omanga ndi ogula, monga pa boma la Dedza, pa Ntcheu, kapena m'misika ya m'mbali mwa msewu waukulu, koma kumudzi kwenikweni makasitomala ambiri amalipira pokolola. Ndipo ngongole ya boma imene munthu anatenga ali ku yunivesite imamutsatabe ngakhale digiri sanaitenge.

Njira yachisanu: kusiyiratu n'kuyamba geni, ulimi kapena ulendo wa ku Joni

Mtengo. Fizi imatha pomwepo, koma zonse zimene banja linalipira m'zaka zapitazo zimapita popanda pepala lililonse, ndipo pofunsira ntchito munthuyo amawerengedwa ngati wa MSCE basi. Geni imafuna mpamba, ndipo ulendo wa ku South Africa umafuna pasipoti, thiransipoti, ndi ndalama yodyera ntchito isanapezeke.

Kupezeka. Njirayi ndi yotseguka kwa aliyense tsiku lililonse, ndipo n'chifukwa chake imakopa. Maboma athu awiriwa ali pa msewu wa M1 ndiponso m'malire ndi Mozambique, kotero malonda a mbewu, ndiwo zamasamba ndi katundu wa m'mashopu amayenda ndithu.

Chisamaliro. Kulemba zolowa ndi zotuluka, kulekanitsa mpamba ndi ndalama ya pakhomo, ndi kubweza ngongole ya banki m'khonde pa tsiku lake.

Chiopsezo. Mitengo imasintha msanga kuposa m'mene mpamba waung'ono ungapiririre. Wopita ku Johannesburg wopanda chilolezo chogwira ntchito amakhala mobisala, amalipidwa m'mene bwana wafunira, ndipo angathe kugwidwa n'kubwezedwa chimanjamanja. Amene wasankha njirayi mwa kufuna kwake, ataiganizira bwino, alembebe kalata yotsanzika ndi kutenga chikalata cha zotsatira zake, chifukwa mayunivesite amalandiranso anthu achikulire amene agwirapo ntchito, ndipo maganizo a munthu wa zaka 21 si omwewo a munthu wa zaka 30.

Njira iti kwa yani

Amene watsala ndi chaka chimodzi kapena semesita imodzi, ndipo akukhoza bwino, apirire. Pamenepa m'pomveka kuti banja ligulitse mbuzi kapena nkhumba, ngakhale kubwereketsa dimba kwa nyengo imodzi, popeza mapeto akuoneka. Kugulitsa munda weniweni sindikulimbikitsa ngakhale pamenepa, chifukwa ntchito siipezeka tsiku lotsatira mwambo wolandira digiri, ndipo pali ana ena m'mbuyo amene adzadya pa munda womwewo.

Amene vuto lake ndi la kanthawi ndipo lili ndi malire odziwika, monga matenda, uchembere, imfa ya womulipirira pamene chuma chamasiye chikuyendetsedwa, kapena chaka chimodzi choipa kumunda, aime mwalamulo. Mtsikana woyembekezera makamaka asalole kuti manyazi amuthamangitse usiku osalemba kalata, ndipo nkhani ya amene adzasamale khanda iye akabwerera kusukulu ikambidwe mwanayo asanabadwe, pamaso pa mbali zonse ziwiri.

Amene ali m'chaka choyamba kapena chachiwiri, ndipo banja likaunika moona likuona kuti ndalama za zaka zitatu zikubwerazo kulibe kumene zingachokere, asadzinamize ndi kuima kwa chaka chimodzi. Ngati kosi yake kapena yofanana nayo ilipo m'njira ya ODL, ndipo ali ndi ntchito kapena dimba lomupatsa kangachepe mwezi ndi mwezi, asamukire kumeneko. Ngati kulibe, luso la manja kapena dipuloma yaifupi idzamupatsa pepala ndi chochita msanga kuposa kudikira mwayi wosadziwika.

Amene wachotsedwa chifukwa cholephera mayeso ayambe wafunsa ngati malamulo a sukuluyo akumulola kudandaula kapena kubwereza chaka, ndipo achite zimenezi masiku oikika asanadutse. Zikakanika, satifiketi yake ya MSCE ikadali ndi mphamvu yomulowetsa m'koleji ina, ndipo ulendo uno asankhe kosi yogwirizana ndi maphunziro amene ankakhoza popanda kukankhidwa. Chimodzimodzi amene kosi inamunyansa kuyambira tsiku loyamba: afunse kaye za kusintha kosi mkati mwa sukulu yomweyo, zimene zimatheka mosavutirapo kumayambiriro kwa chaka choyamba kusiyana ndi m'tsogolo.

Kusiyiratu kumayenera munthu amene ali kale ndi geni yoyenda, yokhala ndi mabuku oonetsa phindu la miyezi ingapo yotsatizana, osati amene akungoyerekeza kuti adzayamba. Ndipo amene anachoka kale mwakachetechete ngati mphwanga uja, miyezi kapena chaka chapitacho, alembe kalata sabata ino yofotokoza chimene chinachitika, aphatikize umboni uliwonse umene ali nawo, ngakhale kalata ya a mfumu kapena ya abusa, ndipo apite nayo yekha ku ofesi pamodzi ndi munthu wamkulu wa m'banja.